Mtengo wa Chipolopolo: Mafunso Amene Alimi ndi Alenje a ku Bvumbwe Amafunsa

Nkhani ya mfuti ku Bvumbwe, m'boma la Thyolo, kawirikawiri imabuka munthu akaluza kanthu: dimba la matimati lomwe akuba akolola usiku, khola la ng'ombe ya mkaka lomwe lapezeka pululu m'mawa, kapena chimanga chomwe apusi athyola chisanakhwime. Akafufuza bwino, munthuyo amapeza kuti mfuti imagulidwa kamodzi koma zipolopolo ndi zogula chaka ndi chaka, ndipo apa mpamene amayamba kufunsa za zotchipa, za ku Mozambique, ndi zodzipangira yekha. Mfundo yanga pa mayankho onse ali m'munsimu ndi imodzi: mtengo womwe timaona pogula chipolopolo ndi gawo lochepa chabe la mtengo wake wonse, ndipo njira iliyonse yoti n'kuchipeza motchipa kuno kwathu imangosamutsa ngongoleyo n'kuiika pa thupi la wowombera, pa ufulu wake, kapena pa anthu oyandikana naye.

Kodi chipolopolo chili ndi chiyani m'kati, ndipo n'chifukwa chiyani sichilowa mfuti iliyonse?

Chomwe timangochitchula kuti chipolopolo ndi zinthu zinayi zolumikizidwa pamodzi: chigoba, chomwe nthawi zambiri chimakhala cha mkuwa wosakaniza ndi zinki; wonga; kachipangizo kakang'ono kunsi kwa chigobacho koyatsa wonga, komwe amati primer; ndi mutu womwe umauluka, womwe kawirikawiri ndi mtovu wokutidwa ndi mkuwa. Mfuti iliyonse inapangidwa kuti idye chipolopolo cha muyezo umodzi, ndipo muyezowo umalembedwa pa mpope wake. Ya .22 ndi ya mbalame ndi tinyama ting'onoting'ono, ya .303 ndi ija ya Lee-Enfield imene asilikali a King's African Rifles ankanyamula ku Zomba. Ya AK-47 imadya 7.62x39; pomwe shotgun ya 12-bore imamwaza timipira tambiri nthawi imodzi. Ena amakhulupirira kuti chipolopolo chikangolowa ndiye kuti n'choyenera. Ichi n'chikhulupiriro choopsa, chifukwa pali zipolopolo zomwe zimalowa bwinobwino m'mfuti yosakhala yake koma zikaphulika zimang'amba chitsulo pafupi ndi nkhope ya mwini wake.

N'chifukwa chiyani zipolopolo zili zodula chonchi kuno ku Malawi?

Chifukwa choyamba n'chakuti zipolopolo zogulitsidwa movomerezeka m'dziko muno zimachokera kunja, ndiye kuti zimagulidwa ndi madola kapena marandi. Kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense woitanitsa anakwera, ndipo zipolopolo sizikanatsalira. Ndalama zakunja zikamavuta, mabanki amayamba aganizira mafuta a galimoto, feteleza ndi mankhwala a m'chipatala, ndipo n'zoyeneradi kutero. Woitanitsa zipolopolo amakhala kumapeto kwa mzere. Chachiwiri, katundu ameneyu sayenda ngati sopo kapena shuga. Amafunika chilolezo cha dziko lomwe akuchokera, cha dziko lomwe akudutsa, ndi cha dziko lomwe akulowa, ndipo amanyamulidwa ngati katundu wophulika, zomwe zimakweza mtengo wa mayendedwe ndi inshuwalansi. Dziko lopanda doko la panyanja yamchere ngati lathu limalipira zonsezi mowirikiza. Chachitatu, ogula movomerezeka ndi ochepa kwambiri, choncho wogulitsa sangaitanitse zambiri nthawi imodzi kuti mtengo utsike, ndipo ndalama zonse za mapepala ndi chitetezo cha sitolo amazigawira pa mabokosi ochepa omwewo.

Pamwamba pa izi pali msika wa dziko lonse lapansi, womwe sunakhazikike kuyambira mu 2020. M'chaka chimenecho ndi chotsatira chake anthu a ku America anagula zipolopolo mwaunyinji mpaka masitolo anauma, ndipo ma primer anasowa kwa nthawi yaitali. Mu 2021 boma la America linaletsa zipolopolo za ku Russia, monga za Tula ndi Barnaul, zomwe zinali zotchipa chifukwa zigoba zake ndi zachitsulo osati zamkuwa, choncho ogula ambirimbiri anatembenukira ku mafakitale a kwina monga Prvi Partizan ya ku Serbia ndi Sellier & Bellot ya ku Czech Republic. Nkhondo ya ku Ukraine itayamba mu 2022, magulu ankhondo anayamba kulimbirana zopangira wonga zomwezo zimene mafakitale a zipolopolo za alenje amadalira. Mlimi wa ku Thyolo sali nawo pa mkangano uliwonse mwa imeneyi, koma amaulipira.

Nanga munthu wamba angazigule bwanji movomerezeka?

Lamulo la mfuti la dziko lino, lomwe linakhazikitsidwa mu 1967, limaika mfuti ndi zipolopolo pa mlingo umodzi: zonse zimafuna chilolezo. Mkulu wolembetsa mfuti ali m'nthambi ya apolisi, ndipo pempho limayambira ku polisi ya m'dera lomwe munthu amakhala, komwe amafuna kudziwa mbiri yake, chifukwa chomwe akufunira mfutiyo, ndi malo omwe adzaisunge. Akapatsidwa laisensi, yomwe imayenera kumakonzedwanso nthawi yake ikatha, amaloledwa kugula zipolopolo za mfuti yokhayo yolembedwa pa laisensiyo, kwa wogulitsa wovomerezeka ndi boma. Pali zinthu ziwiri zimene anthu amalakwitsa kwambiri apa. Choyamba, amaganiza kuti mlandu uli pa mfuti pokha, pomwe kupezeka ndi chipolopolo ngakhale chimodzi popanda chilolezo ndi mlandu pawokha, ngakhale m'nyumbamo mulibe mfuti. Chachiwiri, amaganiza kuti mfuti ya malemu bambo kapena amalume imagawidwa ngati chuma cha masiye limodzi ndi njinga ndi wailesi. Laisensi ndi ya munthu, osati ya banja. Mwini wake akamwalira, achibale ayenera kudziwitsa apolisi, ndipo wofuna kuitenga apemphe chilolezo chakechake.

Timamva kuti kumalire ndi Mozambique zipolopolo n'zotchipa. Kodi vuto lake n'chiyani?

Mbiri imeneyi ili ndi pochokera. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inatenga zaka kuyambira mu 1977 mpaka pangano la mtendere la ku Rome mu Okutobala 1992, ndipo anthu pafupifupi miliyoni imodzi anathawira kuno ku Malawi. Nkhondo itatha, zida zambiri sizinabwezedwe. Zina zinakwiriridwa m'tchire, zina zinagulitsidwa. Kwathu kuno, mu Disembala 1993 asilikali analanda zida gulu la Malawi Young Pioneers pa ntchito yomwe inatchedwa Operation Bwezani, ndipo ena a gululo anawolokera ku Mozambique komweko. Kuyambira mu 1995 apolisi a ku South Africa ndi a ku Mozambique anagwirizana pa Operation Rachel, kufukula ndi kuphwanya nkhokwe za zida, pomwe bungwe la mipingo ya Chikhristu ku Mozambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linkasinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Thyolo amachita malire ndi Mozambique, ndipo Muloza sali kutali, choncho n'zosadabwitsa kuti nkhanizi zimamveka m'misika.

Koma taganizirani chomwe munthu akugula. Ngati ndi chotsalira cha nkhondo ija, chipolopolocho chatha zaka zoposa 30, mwina chili pansi pa nthaka kapena padenga la udzu. Chinyezi chimalowa mu wonga ndi mu primer, ndipo dera la chiperoni ngati lathu ndilo loipitsitsa posungira zinthu zotere. Chipolopolo chakale chimatha kukana kulira, ndipo ichi ndi chochepa. Choopsa ndi chija chochedwa kulira: munthu amakoka, palibe chomveka, amatsitsa mfuti kuti aone chavuta, kenako imalira italoza phazi lake kapena mwana amene waima pambali. China chimalira mofooka, mutu wake n'kutsakamira mu mpope, ndipo chotsatira chikawombedwa mpope umaphulika. Zambiri za zipolopolo zankhondo zakale zili ndi ma primer osiya mchere womwe umadya mpope ndi dzimbiri m'masiku ochepa. Ndipo koposa zonse, zambiri mwa izo ndi za AK-47, mfuti imene munthu wamba sangapatsidwe laisensi yake. Wogula amakhala walowa mumsika womwewo umene mbava zothyola masitolo ndi kulanda galimoto zimagulako, ndipo ndalama yake ndi imene imausunga msikawo kuti usafe. Si zangozi kuti pangano la mayiko a SADC loletsa kufala kwa mfuti ndi zipolopolo linasainidwa mumzinda wa Blantyre mu Ogasiti 2001: chigawo chonsechi chinali chitaona zomwe zida zotsalira pa nkhondo zimachita.

Kunja anthu amadzaza okha zipolopolo kunyumba n'kupulumutsa ndalama. Bwanji ife osatero?

Funso ili ndi lanzeru, ndipo liyenera kuyankhidwa mwachilungamo. N'zoona kuti ku America, ku South Africa ndi kwina anthu amatola zigoba zomwe awombera n'kuzidzazanso. Nzeru yake ndi yakuti chigoba cha mkuwa ndicho gawo lodula kwambiri, ndipo chimatha kugwira ntchito kangapo. Koma phindu limeneli limatsamira pa zinthu zitatu, ndipo kuno palibe ngakhale chimodzi. Choyamba ndi kuchuluka kwa zowombera. Makina odzazira, sikelo yolondola kwambiri ndi zida zoyezera zimadula, ndipo ndalamayo imabwerera kwa munthu wowombera mazanamazana pachaka pa masewera olasa chandamale. Mlimi amene angawombe kakhumi pachaka poopseza nguluwe adzakalamba asanabweze mtengo wa sikelo yokha. Komanso mfuti yotchipa kwambiri kuidyetsa, ya .22 wamba, zigoba zake sizidzazidwanso mwanjira imeneyi chifukwa moto wake uli m'mphepete mwa chigoba chenichenicho. Chachiwiri ndi msika wovomerezeka wa wonga, ma primer ndi mitu ya zipolopolo. Zonsezi zikanayenera kuitanitsidwa ndi madola omwe aja, ndi zilolezo zovuta kuposa za zipolopolo zopangidwa kale, chifukwa wonga wapayekha ndi katundu wophulika kwambiri. Chachitatu ndi lamulo. Lamulo la mfuti la ku South Africa la m'chaka cha 2000 limanena momveka kuti mwini laisensi angadzaze zipolopolo za mfuti yake, ndipo limaika malire: zipolopolo 200 pa mfuti iliyonse ndi ma primer 2,400, pokhapokha munthu atalembetsa ngati mlenje kapena wamasewera wokhazikika. Mmalawi wa ku Johannesburg amene waona mnzake akuchita izi asaganize kuti ufulu umenewo umawoloka naye pa Mwanza kapena pa Dedza. Kuno kupanga zipolopolo popanda chilolezo cha boma ndi mlandu, ndipo kulowetsa zopangira zake mobisa m'katundu wa pa basi ndi mlandu winanso.

Pali mfundo ina imene okonda ntchitoyi kunjako amaidziwa bwino koma imatayika nkhani ikamafika kuno. Iwo amatsatira mabuku a miyezo yoyesedwa m'malabotale, ndipo amadziwa kuti kusiyana kwa wonga wotetezeka ndi wophulitsa mfuti n'kochepa moti diso silingakuone. Ngakhale akatswiri amapsa nawo: mu Sepitembala 2018 fakitale ya Rheinmetall Denel Munition ku Macassar, pafupi ndi Cape Town, inaphulika n'kupha antchito 8. Ngati zingachitike pamalo pomwe pali mainjiniya ndi malamulo okhwima a chitetezo, nanga kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mbaula ndi ana?

Koma makolo athu ankasaka ndi gogodela, ankadzikonzera okha zowombera. Chasintha n'chiyani?

Gogodela anabwera ndi amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera ku Quelimane ndi ku Kilwa, ndipo kwa zaka zambiri anali chuma cha mafumu ndi alenje odziwika. Koma tisakometse mbiriyo mopitirira. Wonga wa nthawi imeneyo unali wakuda, wochepa mphamvu poyerekeza ndi wa lero, ndipo wambiri unkagulidwa kwa amalonda omwewo. Mfuti zake zinali zopangidwa m'mafakitale a ku Ulaya, ngakhale zinali za pansi. Gogodela wa masiku ano ndi paipi ya madzi kapena chitsulo cha galimoto chomangiriridwa pa mtengo, ndipo paipi sinapangidwe kuti ipirire kuphulika. Ikang'ambika imatenga zala, diso, nthawi zina moyo.

Chinanso chomwe chasintha ndi tchire lenilenilo. Thyolo ndi limodzi mwa maboma odzaza kwambiri ndi anthu, malo aakulu ali pansi pa tiyi ndi makademiya, ndipo nkhalango ya m'phiri la Thyolo inadulidwa pafupifupi yonse. Chipolopolo cha .22 chimatha kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi, ndipo ku Bvumbwe kulibe mbali yomwe munthu angalozeko mfuti popanda nyumba, sukulu, msewu wa Limbe kupita ku Thyolo kapena anthu othyola tiyi mkati mwa mtunda umenewo. Nyama zikuluzikulu zatsala m'malo otetezedwa monga Majete ku Chikwawa, komwe bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira mu 2003 nyama zitatsala pang'ono kutheratu, n'kubwezeretsamo zipembere, njovu ndi mikango. Lamulo la nyama zakutchire litakonzedwanso mu 2017, chilango cha milandu ikuluikulu chinafika zaka 30 m'ndende. Tizikumbukiranso kuti laisensi ya mfuti si laisensi yophera nyama. Imeneyo ndi ina, yochokera ku nthambi yoona za nyama zakutchire. Ndipo nyama yophedwa ndi mtovu imatsala ndi tizidutswa tosaoneka, pomwe a World Health Organization amanena kuti palibe mlingo wa mtovu womwe ndi wosavulaza thupi, makamaka la mwana.

Kodi malamulo onsewa sakungokondera olemera ndi eni maesiteti?

Dandaulo ili sindingalikankhire pambali, chifukwa mbiri ili kumbali yake. Pangano la ku Brussels la mu 1890 linaletsa kugulitsa mfuti zamakono ndi zipolopolo kwa anthu akuda m'chigawo chachikulu cha Africa, pomwe atsamunda ankasunga zawo. Mu Januwale 1915 anthu a John Chilembwe anachoka ku Chiradzulu kukathyola nkhokwe ya zida ya African Lakes Corporation ku Mandala, n'kungopezako mfuti zochepa, ndipo kusowa kwa zida ndi chimodzi mwa zomwe zinagonjetsa kuukirako msanga. Mu 1953 chipolowe cha ku Thyolo, chomwe chinakula chifukwa cha thangata, njala ya malo ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chinazimitsidwa ndi mfuti za boma, ndipo anthu 11 anafa. Choncho munthu wa kuno akamakayikira lamulo lonena kuti uyu akhale ndi mfuti, uyu ayi, sakulota. Lerolinso n'zoona kuti wa ndalama ndi amene angakwanitse ulendo wa mapepala, kabati yachitsulo yosungira mfuti ndi zipolopolo za m'sitolo, pomwe wa dimba la theka la ekala sangathe.

Komabe, kuvomereza kuti pali tsankho sikutanthauza kuti mankhwala ake ndi kumasula zipolopolo. Funso loyenera ndi lakuti: zipolopolo zikachuluka ndi kutchipa, ndani adzavulala? Wolemera ali ndi mpanda wa njerwa, alonda ndi galimoto yothamangira ku chipatala cha Queen Elizabeth. Wovulala adzakhala mlonda wolandira malipiro ochepa, mayi wobwera kuchokera kumsika wa Bvumbwe ndi ndalama za kabichi m'thumba, ndi anyamata okangana pa malire a munda m'boma lomwe mikangano ya malo ndi yosatha. Mkangano womwe lero umathera pa chibakera kapena kwa a nyakwawa ukanathera ku manda. Dziko lathu ndi losauka ndipo umbava ulipo, koma anthu ophedwa ndi mfuti ndi ochepa poyerekeza ndi ku South Africa, ndipo abale athu okhala kumeneko angachitire umboni za momwe moyo umakhalira pomwe chipolopolo chili chosavuta kupeza. Kusowa kwa zipolopolo ndi chitetezo chomwe wosauka amapindula nacho kuposa wina aliyense, ngakhale sachiona chifukwa ndi tsoka lomwe silinachitike.

Ndiye mlimi amene akuba ndi apusi akumutha achite chiyani?

Ayambe wadziwa kuti ngakhale atakhala ndi mfuti ya laisensi, lamulo silimulola kuwombera munthu chifukwa cha matimati kapena chimanga. Gawo 16 la malamulo oyendetsera dziko lino limateteza moyo wa munthu aliyense, wakuba yemwe, ndipo kudziteteza kumavomerezeka pokhapokha mphamvu yogwiritsidwa ntchito ikugwirizana ndi kuopsa komwe munthu wakumana nako. Wowombera wakuba amene akuthawa ndi thumba la mbatata amayankha mlandu wakupha. Choncho pa vuto lomwe limachititsa anthu ambiri kufuna mfuti, mfutiyo singagwire ntchito popanda kumuika mwini wake m'ndende. Zomwe zimathandizadi n'zosatchuka koma n'zodziwika: khola la ng'ombe lomangidwa moyandikana ndi nyumba yogona, agalu, nyale za sola, kulondera mosinthana pakati pa eni madimba oyandikana, magulu achitetezo a m'mudzi ogwira ntchito ndi apolisi, komanso kuumirira kuti ng'ombe isayende kapena kuphedwa popanda kalata yake. Wakuba ng'ombe amadalira wogula nyama wosafunsa, ndipo kutseka khomo limenelo kumapweteka mbava kuposa kulira kwa mfuti usiku. Kwa apusi ndi anyani, kupha mmodzi sikuthamangitsa gulu kwa nthawi yaitali; chomwe chimapulumutsa mbewu ndi kulondera m'masabata ochepa omwe chimanga chikukhwima, ndipo nyama yoopsa ikalowa m'mudzi, ntchito yothana nayo ndi ya alonda a nthambi ya nyama zakutchire.

Apa mpamene boma liyenera kufunsidwa mwamphamvu, chifukwa lamulo loletsa munthu kudzisungira zida limabwera ndi ngongole: boma lomwe laletsa liyenera kufika likaitanidwa. Polisi yopanda galimoto kapena mafuta, yomwe imauza wobedwa kuti apeze yekha mayendedwe, ndiyo imakankhira anthu kwa ogulitsa mozemba. Aphungu ndi makhansala a ku Thyolo ayenera kumenyera kuti mapolisi a m'madera a ulimi akhale ndi njinga zamoto ndi mafuta a usiku, kuti ndondomeko ndi mitengo yopezera laisensi zikhomedwe poyera pa polisi iliyonse kuti pasakhale wopempha ya fanta, ndiponso kuti pazikhala nyengo yolengezedwa bwino, yodziwika kwa mafumu ndi mipingo, yomwe munthu amene wapeza mfuti kapena zipolopolo zakale m'nyumba ya malemu angakazipereke popanda kumangidwa.